Mukamapita kunja, timasitima tanu musatitsekere m'bokosi

Viza ikatuluka, katundu wa m'nyumba sacedwa kupeza kopita. Firiji imaikidwa pa Facebook m'mawa, pofika madzulo wina wabwera kale ndi motoka kudzainyamula. Mipando imapita kwa alongo anu ku Dambwa, mapoto ndi mbale azakhali amagawa, njinga atenga mwana wa amalume. Zonsezi n'zosavuta cifukwa mtengo wake umadziwika, ndipo kumene mukupitako mukagula zina. Cimene cimatsala pakona mpaka usiku wotsiriza ni cinthu cija munthu wakhala akusonkhanitsa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, cimene ngakhale mwini wake sangachule mtengo wake. Muno mu Livingstone, cinthu cotere kawirikawiri cimakhudza njanji.

Tikunena za timasitima tija toyenda ndi magetsi pa tinjanji tozungulira pa thebulo, ta Hornby ta ku Britain, ta Märklin ta ku Germany ndi ta Lima ta ku Italy. Si nyumba zambiri zimene zili nato, koma tilipo. Ena anatigula kwa azungu amene anali kubwerera kwao, ena atate ao anabwera nato kucokera ku Bulawayo m'masiku a Rhodesia Railways. Tikunenanso za masitima a mawaya amene amisiri a m'komboni amapinda ndi manja, okhala ndi mawilo a zitsekerero za mabotolo. Ndipo pambali pa izi, m'nyumba za ana ndi adzukulu a anthu a njanji muli nyali za gadi, zisoti, mawisilo, matikiti akale a ku Mulobezi ndi zithunzi za amuna ataima kutsogolo kwa mutu wa sitima.

Pa wailesi yathu tikatsegula mafoni pa nkhani yopita kunja, omvera amafunsa za maajenti a viza, za ndalama ya ndeke, za sukulu ya ana ndi za nyumba imene akusiya. Za zinthu izi pafupifupi palibe amene amafunsa. Koma mukacezerana nao pambali, yankho limakhala limodzimodzi: tinaziika m'bokosi, tinasiya kwa abale, tidzaona tikadzabwera. Ife tikuti bokosi limenelo ndilo njira yoipa kuposa zonse. Wopita kunja atenge kanthu kamodzi kapena tiwiri tomukumbutsa kwao. Zotsalazo azisiye pamalo pamene anthu azitha kuziona, zili ndi maina ake, ndiponso pali pepala losonyeza mwini wake. Ndipo zimenezi azikonze asanagule tikiti, pamene mutu ukali wozizira.

Wina angafunse kuti n'cifukwa ciani tikuvutika ndi zidole. Yankho lili m'mbiri ya tauni ino. Livingstone inabadwa cifukwa ca njanji. Njanji yocokera kum'mwera inafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1904, ulalo unatha mu 1905, ndipo anthu amene anali kukhala ku Old Drift, m'mbali mwa Zambezi mmene malungo anali kupha anthu, anasamukira kumtunda kuno pafupi ndi siteshoni. Mu 1911 tauniyi inakhala likulu la Northern Rhodesia, mpaka 1935 pamene likulu linapita ku Lusaka. Kampani ya Zambezi Sawmills inayala njanji yakeyake yolowera kumadzulo mpaka ku Mulobezi, mtunda wopitirira makilomita 160, kuti izikoka mitengo ya mukusi imene inali kucekedwa masilipa a njanji ndi matabwa a pansi m'nyumba. Ambiri a ife amene timalankhula Cinyanja muno, agogo athu anabwera kucokera ku Chipata, ku Petauke, ku Malawi kapena ku Tete kudzafuna nchito imeneyi. Conco nyali ya gadi ili pa kabati panu ni umboni wa mmene banja lanu linafikira kuno.

Tauni ino inakumanapo kale ndi funso lakuti cipite kapena citsale, ndipo panthawiyo nkhani inali ya masitima enieni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Zambezi Sawmills inaleka kuyendetsa masitima ake akale otentha nkhuni. David Shepherd, wojambula zithunzi wa ku England amene anali kukonda njovu ndi masitima a nthunzi mofanana, anabwera kuno ndipo anapanga filimu ndi BBC yochedwa Last Train to Mulobezi. Pulezidenti Kenneth Kaunda anamupatsa mutu umodzi wa sitima, nambala 993, umene unapangidwa ku Glasgow mu 1896. Shepherd anautumiza ku England pamodzi ndi kochi yogonamo. Lero mutuwo uli m'manja mwa National Railway Museum ya kumeneko. Ukusungidwa bwino, sunyowa ndi mvula. Koma mwana wa ku Libuyu amene agogo ake anali kuuponyera nkhuni m'ng'anjo sangauone, pokhapokha atapeza viza ndi ndalama ya ndeke.

Mutu wina umene Shepherd anathandiza kupulumutsa, nambala 156, wopangidwa m'zaka za m'ma 1920, unatsala konkuno. Unakhala zaka uli cete, kenako unakonzedwa n'kuyamba kukoka sitima ya alendo ya Royal Livingstone Express. Tikiti yake si ya thumba la munthu wa ku Maramba, zimenezo tikudziwa. Komabe utsi wake ndi kulira kwake n'zaulere, ndipo ana amene anathamangirapo kunjanji kukauona ukudutsa adziwa kuti sitima ya nthunzi imapuma bwanji. Mashedi akale a Zambezi Sawmills anaikidwa pa mndandanda wa malo otetezedwa a dziko, ndipo ndiwo Railway Museum imene ili pa msewu wa Chishimba Falls, yoyang'aniridwa ndi National Heritage Conservation Commission. Pa mitu iwiri ija, umodzi unapeza denga labwino koma unataya anthu ake. Winawo unavutika ndi dzuwa koma ukali pakati pa anthu amene amaudziwa.

Tsopano tiyeni tibwerere ku thebulo la munthu amene ali ndi masabata atatu kuti anyamuke. Maganizo oyamba amakhala akuti anyamule zonse. Makampani ambiri a ndeke amalola cikwama cimodzi kapena ziwiri za makilogalamu 23 ciliconse, ndipo mmenemo muyenera kulowa zovala, mapepala a sukulu, nsapato za ana ndi kapenta wa mlongo wanu amene akukudikirani. Timitu ta sitima n'tating'ono koma n'tolemera, cifukwa mkati muli citsulo ndi kamota. Thabwa limene munakhomerapo tinjanji, timapiri ndi tinyumba silingakwere ndeke n'komwe. Kutumiza pa sitima ya pamadzi kudzera ku Walvis Bay kapena ku Durban kumadya ndalama imene munthu woyamba moyo watsopano amaifuna pa lendi. Ndiyeno kumene mukupitako, caka coyamba ambiri amakhala m'cipinda cimodzi, nthawi zina cogawana ndi mnzao. Wosamalira okalamba amene wagwira nchito maola 12 alibe malo kapena mphamvu zoyala njanji pansi.

Palinso za magetsi. Timasitima tambiri timayenda ndi mphamvu yocepa, pafupifupi mavoti 12, yodzera m'kabokosi kotsitsa magetsi. Kabokosi kogwira nchito kuno kamagwiranso ku Britain, pakuti mphamvu ndi mapulagi n'zofanana. Ku America ndi ku Canada magetsi a m'nyumba ni mavoti 120, ndiye muyenera kugula kena. Koma mfundo yaikulu ni iyi: kasitima ka Hornby ku England ni cinthu wamba. Kali m'masitolo, kali pa intaneti, ndipo pali makalabu a anthu amene ali ndi mazanamazana. Kumeneko kanu kadzangokhala kamodzi mwa tambirimbiri. Kuno, mwina ndiko kokha kamene ana a sukulu yonse angadzaone ndi maso. Kunyamula zonse kuli ngati kupita ndi mcenga ku Mongu.

Maganizo aciwiri ni kugulitsa. Sitikunena kuti kugulitsa n'kulakwa. Munthu amene akusowa ndalama yolipirira mayeso a Cingelezi kapena tikiti ya mwana ali ndi ufulu wogulitsa cake. Vuto ni kugulitsa mothamanga. Wogula akadziwa kuti mukunyamuka Lacisanu, ndiye amene amachula mtengo. Cina n'cakuti zinthu zosonkhanitsidwa zikagulitsidwa cimodzicimodzi, nkhani yake imatha. Nyali imapita kukakongoletsa bala la pa loji, cithunzi cimapita m'cikwama ca mlendo, ndipo palibenso amene adzadziwe kuti mwamuna wavala cisoti uja anali ndani. Ngati mwasankha kugulitsa, yambani miyezi iwiri kapena itatu ulendo usanafike. Yang'anani pansi pa kasitima kalikonse dzina la kampani ndi nambala yake, muone pa intaneti kuti ena akugulitsa zingati. Dziwani msinkhu wake: OO ni kucepetsa sitima yeniyeni ka 76, HO ni ka 87, ndipo yonse iwiri imayenda pa kanjanji kotakata mamilimita 16.5. Makatoni ake akale musataye, cifukwa amakweza mtengo. Amene ali ndi ta Lima topangidwa motengera masitima a South African Railways adziwe kuti ku South Africa kuli anthu amene amatifuna.

Pa zinthu zenizeni za njanji pali lamulo limene ambiri sitilidziwa. Lamulo la 1989 limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission limateteza zinthu za mbiri zimene zinapangidwa kapena kugwiritsidwa nchito m'Zambia caka ca 1924 cisanafike, ndipo kuzitulutsa m'dziko kumafuna cilolezo. Kasitima kogula m'sitolo sikakhudzidwa. Koma belu, nyali kapena cikwangwani ca masiku oyambirira a njanji cingakhudzidwe, ndiye n'canzeru kufunsa musanacilongedze. Timadandaula caka ndi caka za cigaza ca munthu wakale cimene cinapezeka mu mgodi ku Kabwe mu 1921, cimene cili ku Natural History Museum ku London ngakhale boma lathu lakhala likucipempha. Sizingakhale bwino kuti ife eni ake tizitulutsa mbiri yathu m'masutukesi kwinaku tikudandaula za zimene ena anatenga.

Maganizo acitatu, amene ambiri amathawirako, ni kusiyira abale. Amaoneka abwino cifukwa safuna kusankha ciliconse lero. Koma tonse tikudziwa mmene mwezi wa Okutobala umatenthera muno. Bokosi likaikidwa pamwamba pa wodilobu pansi pa malata, pulasitiki imapindika, timalabala ta pa mawilo timauma n'kuthetheka, girisi wa m'kamota amalimba. Mvula ikabwera, cinyontho cimabweretsa dzimbiri pa tinjanji, zithunzi zimamatirirana, ndipo ciswe cimadya makatoni ndi mapepala. Abale nawo ali ndi moyo wao. Amasamuka nyumba, kumagwa maliro, kumabwera alendo okhala ndi ana, ndipo tsiku lina mwana akulira wina amatsegula bokosi n'kumupatsa kakochi kamodzi kuti atonthole. Palibe amene waba kapena amene anali ndi mtima woipa. Koma wopita uja anati abwera pakatha zaka ziwiri, ndipo zapita khumi. Makolo athu anali ndi dzina la anthu otere, machona, ndipo machona ambiri pocoka anali otsimikiza kuti akubwera msanga.

Cimene cimawawa kwambiri ni mkangano umene bokosi lotere limabala. Mwini wake akafunsa pa WhatsApp kuti zinthu zanga zili bwanji, wosunga amamva ngati akumuyesa wakuba. Wosunga akanena kuti zina zinaonongeka, mwini wake amakumbuka ndalama zonse zimene wakhala akutumiza. Ubale wa zaka makumi anai umazizira cifukwa ca katundu amene sanalembedwe paliponse. Ngati palibiretu kwina kosiya, lembani zonse papepala, jambulani ciliconse ndi foni, ndipo gwirizanani caka cimene wosungayo adzakhale ndi ufulu wopereka kapena kugulitsa mukapanda kubwera. Kumuuza mkulu wanu kuti asaine pepala kumacititsa manyazi kwa mphindi zisanu. Kusalankhulana kumatenga zaka.

Njira imene ife tikuikonda ni yacinai, kupereka kapena kubwereketsa kumalo kumene anthu amafikako. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Malo oyamba kufunsa ni Railway Museum ndi Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934 ndipo imasunga makalata ndi katundu wa David Livingstone. Koma si zonse zimene myuziyamu ingalandire, ndipo ili ndi ufulu wokana. Kasitima koyenda ndi magetsi mwina kangathandize kwambiri kusukulu ya sekondale, m'manja mwa mphunzitsi wa sayansi. Pa thebulo limodzi lokha ana angaone mmene magetsi amazungulira, mmene maginito amatembenuzira kamota, cifukwa cake sitima imagwa ikakhota mothamanga, ndi tanthauzo la sikelo imene amaivutikira m'masamu. Laibulale, kalabu ya acinyamata ya pa chalichi kapena koleji ya zaumisiri ni malo enanso oyenera kuyesa.

Kupereka kwabwino kuli ndi nchito yake. Sankhani munthu mmodzi amene adzayang'anire, mumuphunzitse kupukuta tinjanji, kuthira kadontho ka mafuta ndi kulumikiza mawaya, ndipo mumuone akucita yekha musanapite. Lembani cikalata ca tsamba limodzi conena ngati mwapereka kotheratu kapena mwabwereketsa, kwa zaka zingati, ndipo n'ciani cidzacitike sukuluyo ikadzalephera kusunga. Asaine ni mkulu wa malowo, cifukwa aphunzitsi amasamutsidwa. Pa zinthu za makolo, khalani pansi ndi ambuya kapena azakhali amene akali moyo, muyatse foni, anene kuti uyu ni ndani, anali kugwira nchito yanji, pa siteshoni iti, zaka ziti. Lembani kumbuyo kwa cithunzi ciliconse ndi pensulo. Nyali yopanda dzina ni citsulo cabe, ndipo wogula zitsulo zakale amaiyeza pa sikelo pamodzi ndi mbaula yothyoka.

Pabwalo lomwelo la Railway Museum pali citsanzo ca anthu amene anacoka koma anasiya mbiri yao bwino. Gateway Jewish Museum imafotokoza za Ayuda amene anabwera kuno kucokera ku Lithuania ndi maiko ena a ku Ulaya, monga Elie Susman ndi mbale wake Harry, amene anayamba ndi malonda a ng'ombe ku Barotseland. Mabanja amenewa pafupifupi onse anasamuka, ndipo nyumba yao yopemphereramo lero ni chalichi. Koma cifukwa cakuti ana ao anasunga zithunzi ndi maina n'kuzibweza kuno, mlendo aliyense angawerenge nkhani yao. Nanga ya amuna a ku Katete amene anali kuyala masilipa padzuwa, ndi ya azimai amene anali kugulitsa zakudya pa siteshoni, ili kuti? Mbali yaikulu ili m'mabokosi a pansi pa mabedi athu, ndipo caka ciliconse ina imatha.

Tikudziwa zimene ena adzayankha. Woyamba adzati, katundu ni wanga, ndinagula ndi thukuta langa, wailesi ilibe nazo kanthu. N'zoona, ndipo palibe amene akukulandani. Tikungokupemphani kuti musankhe nokha, masana, m'malo molekera ciswe ndi dzuwa kuti zikusankhireni. Waciwiri adzati, pitani mukaone mitu ya sitima imene ili panja ku myuziyamu, mmene dzimbiri laigwirira, ndiye mukufuna ndipereke zanga kumeneko? Funso limeneli n'lolemera ndipo sitilipeputsa. Kusamalira citsulo ca matani ambiri panja kumafuna ndalama zimene mabungwe a zacikhalidwe kawirikawiri sakhala nazo. Koma kasitima kokwana m'dzanja ndi cithunzi ca papepala zimangofuna kabati yotseka, mthunzi ndi munthu mmodzi wosamala. N'cifukwa cake tikulimbikira za cikalata ndi za kubwereketsa kwa zaka zowerengeka. Mukaona kuti sizikusamalidwa, muli ndi pepala lokatengera.

Wacitatu ndiye amatikhudza mtima. Iye adzati, ana anga akakulira ku Leeds kapena ku Perth, ndikufuna adzagwire cinthu cimene agogo ao anagwira. Uyu tikumuuza kuti atenge ndithu. Atenge wisilo ya agogo, kapena kamutu ka sitima kamene atate ake anamugulira, kapena sitima ya mawaya imene sangaipeze m'sitolo iliyonse ya kumeneko. Zithunzi zonse azijambule bwino ndi foni, apite nazo. Kanthu kamodzi kokhala pa shelefu, kamene mwana amafunsa nkhani yake, kamagwira nchito kuposa makatoni asanu otsekeredwa m'galaja yozizira. Ndipo mwanayo akadzabwera kudzaona kwao, adzapeza dzina la agogo ake lalembedwa pa kabati m'tauni imene anagwiramo nchito. Pamenepo adzadziwa kuti kuno si mlendo.

Mbali yotsala ni yathu amene sitikupita kulikonse. Sitingauze anthu kuti asiye zinthu zao ngati palibe manja ozilandira. Aphunzitsi akulu, azibusa, oyang'anira malaibulale ndi makomiti a makolo, konzani kabati imodzi yokhala ndi loko ndi buku lolembamo zolandiridwa. Amene munapuma nchito ku Zambia Railways, inu ndinu mungauze ana kuti nyali yofiira ndi yobiriwira zinali kutanthauza ciani usiku, ndipo nthawi yocitira zimenezo ni ino. Ife a pa wailesi tili ndi maikolofoni ndi makina ojambulira mau, ndipo ndife okonzeka kukhala pansi ndi banja lililonse limene likufuna kuti nkhani ya katundu wao ijambulidwe asananyamuke. Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene akudikira viza, mufunseni sabata ino kuti bokosi lija akuganiza zolicita ciani, pamene akali ndi nthawi yoyankha modekha.